USIKU PA DENGA LA GALIMOTO KWA CHIFUNDA

Munthu wocokera ku Chipata akafika pa Boma la Chama amayesa kuti ulendo watha, koma ife tinali tikali ndi mtunda. Tinagona pa Bomapo, ndipo m'mamawa tinalunjika kum'mwera, kudzera kwa Tembwe ndi kwa Chikwa, kufikira dziko la Mfumu Chifunda, kumene mtsinje wa Luangwa umalekanitsa midzi ya aSenga ndi nkhalango ya nyama ya North Luangwa. Unali mwezi wa Seputembala. Mitengo ya tsanya inali itayoyola masamba, madambo a mpunga ataumiratu, ndipo fumbi linali kutilondola ngati mwini ngongole.

M'midzi imene tinadutsa ana sanali kuyang'ana ife ai, koma cibokosi cimene mnzanga mwini galimoto anamangirira pa denga. Mai wina pa citsime anayamba watipepesa asanafunse ngati tanyamula maliro. M'cibokosimo munali tenti yogonamo, ndipo ine, amene cibadwire ndinali ndisanagonepo m'thengo, ndinali ndi nkhawa yoposa ya mai uja.

Titafika pa msasa wa alendo umene anthu a m'derali amayendetsa m'mbali mwa Luangwa, mnzangayo anamasula malamba, nakoka makwerero, ndipo cibokosi cija cinafunyululuka ngati buku nicisanduka kanyumba. Ndisanathe kutsitsa miphika, iye anali atamaliza. Panalibe kukhoma zikhomo m'dothi louma gwa, panalibenso kusesa minga kapena kufunafuna malo osalala. Matiresi ndi mabulangete zimakhaliratu m'katimo, ndipo mazenera ace ali ndi neti yochinga udzudzu. Kwa munthu woyamba kumene, amene sadziwa mfundo ya cingwe ngakhale imodzi ndipo wafika dzuwa litafiira, ici si cinthu cacing'ono.

Mkulu wina wolonda pa msasapo anaizungulira galimoto kawiri, nagwedeza makwerero kuti aone kulimba kwace, ndipo anati m'ciSenga cace: “Adada, ici ndi cilindo cabe, koma cilindo coyenda.” Ananena zoona. Matenti otere anayamba kupangidwa oculuka ku Italy ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo pambuyo pace anafala kwambiri ku South Africa pakati pa anthu oyenda m'nkhalango za nyama, koma nzeru yace mlimi ali yense wa m'cigwa cino aidziwa. Mpunga ukayamba kuca, iye amamanga nsanja m'munda nagona pamwamba kulindira njobvu ndi mvuu. Amadziwa kuti pansi ndi pa njoka, zinkhanira ndi linthumbu, ndi kuti fisi amanunkhiza ciri conse cimene cagona pa dothi. Amadziwanso kuti pamwamba pamapita kamphepo, ndipo amene anakhalako m'cigwa ca Luangwa mu Okutobala adziwa mtengo wa kamphepo usiku.

Mkuluyo ndiye anatiletsanso kuimika galimoto pamene ife tinakonda. Tinasankha mthunzi wa mvunguti, koma iye anatilozera zipatso zace zolendewera, zimene cimodzi cikathothoka cikhoza kung'amba tenti ndi kubvulaza wogonamo. Tinasunthira pafupi ndi nsangu, nakananso, pakuti nyengo imeneyo nsangu imagwetsa nyemba zace ndipo njobvu zimabwera kudzatola. Tinaima poyera. Anatiuza kuti cakudya conse, makamaka zipatso, citsekeredwe m'galimoto, nsapato zikwere nafe pamwamba, ndipo amene afuna kutaya madzi atero moto usanazime.

Langizo lotsirizali ndinalipeputsa, ndipo ndinalikumbukira pakati pa usiku. Ndinadzuka nditapanikizika, mvuu ziri kulira ku mtsinje, ndipo nditasuzumira pa neti ndinaona njobvu zitatu ziri kutola nyemba pansi pa nsangu ija, pamalo peni-peni pamene tikadagona. Mwezi unali kuwala. Zinali kuyenda mopanda phokoso, kungomveka kulira kwa m'mimba mwao. Pamenepo ndinazindikira cinthu cimene ogulitsa matenti sanena kawiri-kawiri: denga la galimoto liri ngati mamita awiri kucokera pansi, koma njobvu yamphongo imapitirira mamita atatu. Kukwera pamwamba kumakupulumutsani kwa zokwawa ndi kwa fisi. Kwa njobvu cimakupulumutsani ndi kukhala cete. Ndinakhala cete, ndi bvuto langa lomwe, mpaka kum'mawa kunayera.

Zobvuta zina nazo ziripo. Tenti yotere njokwera mtengo, ndipo yambiri imalemera makilogalamu 50 kapena kuposerapo, kotero kuti galimoto imamwa mafuta ambiri ndipo imapendekeka mosabvuta potsika m'makwawa. Mukafuna kupita kukagula mcere muyenera kupinda nyumba yonse. Nkhalamba ndi ana ang'ono amabvutika ndi makwerero. Komabe, pa usiku woyamba wa munthu wamantha ngati ine, sindikadasinthana nayo ndi tenti ya pansi.

Mwina owerenga afunsa kuti nkhani ya anthu a magalimoto iwakhudza bwanji iwo a kumudzi. Iwakhudza motere. Mlendo wonyamula nyumba yace safuna hotela. Amafuna malo oimikapo, madzi, nkhuni, cimbudzi caukhondo ndi munthu wodziwa thengo. Zonsezi mudzi ukhoza kupereka popanda ngongole ya ku banki, ndipo ndalama imene alendo amalipira pa msasa wa anthu a m'dera imatsala m'deramo. Alendowo amagulanso mazira, nkhuku ndi mpunga wa Chama, umene fungo lace lachuka mpaka m'masitolo a ku Lusaka. Pamene tinali pamenepo panafika magalimoto ena awiri a matenti pa denga, ndipo onse anafunsa za tomato, amene panalibe wogulitsa.

Cimene cimawakoka ndi tsidya lija. North Luangwa, ya makilomita 4,636 m'bwalo lace, inakhala nkhalango yotetezedwa ya dziko mu 1972. Zipembere zace zinatha ndi opha nyama mobisa, kufikira mu 1998 pamene kunalengezedwa kuti m'Zambia monse simunatsale cipembere cakuda. Mu 2003 zisanu zoyamba zinabwera pa ndege kucokera ku South Africa, mwa mgwirizano wa Boma ndi bungwe la Frankfurt Zoological Society, ndipo zakhala ziri kuswana. Njobvu nazo zaculukanso, ndipo apa ndipo pali mlandu: njobvu imene mlendo amaijambula usiku ndi yomweyo imene imatha munda wa mai wamasiye m'mwezi wa Epulo. Mlonda uja sanabise. Anati caka cimeneco anagona pa cilindo milungu yambiri, ndipo anakolola theka. Anthu a m'dera la Musalangu, m'mene nyama ndi anthu zikhalira pamodzi, amapirira zotere akamaona kuti nyamazo zibweretsa kanthu pakhomo.

Njira imeneyi imayendeka m'cilimwe mokha. Mvula ikagwa dothi lakuda la m'cigwa limagwira matayala ngati ulimbo, mitsinje imadzaza, ndipo kuoloka Luangwa ndi galimoto pa Chifunda kumaleka mpaka madzi ataphwa. Wopita kumeneko atenge mafuta okwanira, madzi akumwa ndi tayala lapadera.

Dzuwa litatuluka tinapinda kanyumba kathu, mnzanga natsogoza galimoto pang'ono-pang'ono kutsikira ku pantuni, imene imanyamula galimoto imodzi pa nthawi. Mlonda uja anatiperekeza mpaka pa gombe, ndipo potsazika anafunsa mtengo wa makwerero okha, popeza a pa cilindo cace anadyedwa ndi ciswe.