Pamene Khutu Linali Sikelo

Mu 1895 yunivesite ya Harvard ku America inali ndi chipinda chophunziriramo chatsopano mu Fogg Art Museum, koma munthu akalankhulamo sankamveka. Liwu linkazungulira masekondi oposa 5 lisanazimiririke, moti lachiwiri linkapeza loyamba lidakalipo. Ntchito yokonza anaipereka kwa mphunzitsi wachinyamata wa sayansi, Wallace Sabine. Zida zake zinali paipi ya limba, wotchi ndi makutu ake, basi. Ankagwira pakati pa usiku, anthu onse atagona. Iye ndi omuthandiza ankasenza makhushoni a pamipando kuchokera ku Sanders Theatre, kuwayala m'chipindamo, kuliza paipi, kuidula, n'kutchera khutu mpaka mkokomo uthe. Kusanache, makhushoni aja ankabwerera kwawo. Atazindikira kuti zovala zake zomwe zikumeza mawu, anataya zambiri zimene analemba, n'kuyamba kuvala zovala zamtundu umodzi nthawi zonse poyeza. Ndimaisilira ntchito ya masiku amenewo, pamene munthu yemwe anali chida.

Komatu Sabine ankayeza mmene chinthu chimamezera mawu. Za mmene khoma limawamwazira, panalibe woyeza. Chodabwitsa n'chakuti maholo a nthawi imeneyo ankawamwaza bwino kwabasi. Musikverein ya ku Vienna ya 1870, Concertgebouw ya ku Amsterdam ya 1888, ngakhale Symphony Hall ya ku Boston ya 1900 imene Sabine yemweyo analangiza omanga ake, zonsezi n'zodzaza ndi ziboliboli, nsanamira, mphako za m'khoma ndi masiling'i a timabokosi. Amisiri ankasemera maso, makutu n'kudyerapo. Mawu akagunda khoma losalala amabwerera njira imodzi, onse pamodzi, mpaka kulasa khutu. Akagunda zosemasema amabalalika ngati mapira ofesedwa m'munda, aliyense m'holomo n'kulandirako.

Kenako zokongoletsa zinatha fasho, makoma n'kusalala. Philharmonic Hall ya ku New York itatsegulidwa mu 1962, oimba ndi omvera anadandaula pa zifukwa zingapo, ndipo mu 1976 mkati mwake munagumulidwa monse. Mmodzi mwa oitanidwa kukafufuza vutolo anali Manfred Schroeder, Mjeremani wa ku Bell Labs. Atabwerera ku Göttingen, iye ndi anzake anayendera maholo a ku Ulaya ndi mutu wa chidole wokhala ndi maikolofoni m'makutu, napeza kuti anthu amakonda nyimbo ikamafika kuchokera m'mbali, khutu lililonse likumva mosiyanako ndi linzake. Mu 1975 ndi 1979 Schroeder anafalitsa njira yomwazira mawu mwadala: bokosi la timipata tozama mosiyanasiyana, lotchedwa diffuser. Kuzama kwake kumachokera m'masamu. Tengani manambala 0 mpaka 6, iliyonse muichulukitse ndi iyo yomwe, mugawe ndi 7. Zotsala zake ndi 0, 1, 4, 2, 2, 4, 1. Kalipentala amangotsata zimenezo. Michael Fowler Centre ya ku Wellington, ya 1983, inali mwa maholo oyamba kuvala mabokosi otere.

Chinthu chikayamba kugulitsidwa, wogula amafuna nambala. Lero diffuser amailowetsa m'chipinda chosabweza mawu konse, motsata muyezo wa ISO 17497-2 wa 2012. Sipika imaikidwa pa mtunda wa mamita 10, maikolofoni n'kuzungulira theka la bwalo pa mamita 5, iliyonse patatha madigiri 5, zonse pamodzi 37. Amaliza sipika bokosi lilipo, amalizanso litachotsedwa, kompyuta n'kupatula chimene bokosilo labweza. Ngati maikolofoni onse alandira mofanana, nambala imayandikira 1. Ngati zonse zathira pa imodzi, imagwera ku 0. Malo akachepa amapanga kabokosi kochepa kasanu, n'kukweza kaliridwe kasanu, mawu ena mpaka kupitirira pamene khutu la munthu limafika. Woyezayo alibe choti amvere.

Palinso njira ina, ya ISO 17497-1 ya 2004, yochokera ku kafukufuku wa Michael Vorländer ndi Eckard Mommertz ku Aachen. Chinthucho amachiika pa thebulo lozungulira pang'onopang'ono m'chipinda cha mkokomo. Mawu omwazika amasinthasintha thebulo likamazungulira, ndipo powaphatikiza amafafanizana okha. Otsalawo ndi aja obwerera njira imodzi. Nambala iyi imangonena kuchuluka kwa mawu amene apatuka, osati kumene apita. Choncho chinthu chingathe kukhoza bwino pano koma chikuunjika mawu onse pangodya imodzi. Ogulitsa ena amasakaniza manambala awiriwa, kaya mwadala kaya mosadziwa. Nawonso mathireyi a mazira amene achinyamata amakhoma m'masitudiyo a kunyumba, ukawayeza, sachita zambiri; ngosaya kwambiri.

Kuyeza kwatithandiza, zimenezo sindikana. Koma bokosi la Schroeder n'losakongola, ndipo ambiri ojambula mapulani a nyumba sanalikonde. N'chifukwa chake akatswiri monga Trevor Cox wa ku Salford ndi Peter D'Antonio anatembenukira ku makoma opindikapindika owerengedwa ndi kompyuta. Ku Hamburg, Elbphilharmonie inatsegulidwa mu 2017, mkati mwa holo yake mutakutidwa ndi zigawo za gypsum pafupifupi 10,000, chilichonse chogobedwa ndi makina mwa mtundu wakewake, motsogozedwa ndi katswiri wa kamvekedwe ka mawu, Yasuhisa Toyota. Zosemasema zija zabweranso, koma wosema alibe sompho m'manja. Ndipo mu Januwale 2019, Jonas Kaufmann akuimba nyimbo za Mahler m'holo yomweyo, ena okhala kumbuyo kwake ananyamuka kukasaka mipando ina, wina n'kufuula kuti sakumumva.