Zimene Tinaona ku Livingstone

Mzinda wa Livingstone uli kumwera kwa dziko lathu la Zambia. Uli pafupi ndi mtsinje waukulu wa Zambezi. Tsidya lina la mtsinjewo ndi dziko la Zimbabwe. Kodi mudziwa kuti kale mzinda uwu ndiwo unali likulu la dziko lathu? Unali likulu kuyambira mu 1911 mpaka mu 1935. Masiku amenewo dziko lathu linali kudziwika ndi dzina lakuti Northern Rhodesia. Pambuyo pake likulu linasamukira ku Lusaka.

Pamene ndinali kuphunzitsa pa sukulu ina mu Lusaka, ndinapita ku Livingstone pamodzi ndi ana a m'kalasi langa. Tinanyamuka m'mamawa pa basi. Tinadutsa pa Kafue, Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo. Ulendowu ndi wautali, makilomita oposa 450. Tinafika madzulo titalema kwambiri.

Kutaca, tinayamba ndi kukaona miziyamu. Miziyamu ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ya ku Livingstone inayamba mu 1934, ndipo ndiyo yaikulu kuposa ena onse mu Zambia. Mkati mwake tinaona mauta, mivi, ng'oma ndi miphika ya dothi. Tinaonanso miyala yakuthwa imene anthu akale-kale anali kusendera nyama. Masiku amenewo kunalibe mipeni ya citsulo.

M'cipinda cina munali zinthu za David Livingstone. Mzinda uwu unatenga dzina lake. Iye anali dokotala ndiponso mmishonale wocokera ku Scotland. Tinaona makalata amene analemba ndi dzanja lake. Livingstone anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, muno mu Zambia. Anthu amene anali kuyenda naye sanamusiye m'thengo ai. Motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, ananyamula thupi lake kwa miyezi yambiri. Anayenda pansi mpaka ku nyanja yaikulu ya mcere. Ndinauza ana kuti alembe maina awiriwa m'mabuku ao: Susi ndi Chuma.

Masana tinapita kumalo ochedwa Old Drift, m'mbali mwa Zambezi. Lero malowa ali mkati mwa paki ya nyama ya Mosi-oa-Tunya. Pa njira tinaona mbidzi, nswala ndi nyamalikiti. Ana anakondwera zedi.

Pa Old Drift ndi pamene anthu anali kuolokera mtsinje, mlatho usanamangidwe. Anali kuoloka pa mabwato pamodzi ndi katundu wao. Azungu oyamba anamanga nyumba ndi masitolo ao pomwepo. Koma malowo anali acinyezi, odzala ndi udzudzu. Ambiri anadwala malungo ndi kumwalira. Otsala anasamukira kumtunda, kumene kuli mzinda lero. Pa Old Drift panatsala manda cabe.

Tinaimirira cete pafupi ndi mandawo. Abambo amene anali kutionetsa malo anatiwerengera maina ena a azungu oikidwa pamenepo. Atatsiriza, mtsikana wina anaimika dzanja.

"Aphunzitsi, nanga aja anali kupalasa mabwato, maina ao ali kuti?" anandifunsa.

Ndinayang'ana abambo aja. Iwo anati, "Wafunsa bwino, mwana wanga. Maina ao sanalembedwe pano. Koma popanda iwo, palibe amene akanaoloka mtsinje uwu."

Funso limeneli tinayenda nalo kulikonse kumene tinapita.

Tsiku laciwiri tinapita ku mathithi. Tisanafike, tinamva kale phokoso ngati la mabingu. Madzi a Zambezi agwa kucokera pamwamba, mamita oposa 100. Akagwa, timadzi tuuluka m'mwamba ngati utsi. Tonse tinanyowa ngati tavumbwa ndi mvula, ndipo ana anaseka mpaka misozi.

David Livingstone anaona mathithi awa mu 1855. Anthu a kuno ndiwo anam'peleka pa bwato. Iye anawapatsa dzina lakuti Victoria Falls, potengera dzina la mfumukazi ya kwao. Koma mathithiwa anali nalo kale dzina. Anthu anali kuwachula kuti Mosi-oa-Tunya, kutanthauza utsi umene ugunda. Anthu a mtundu wa Toka-Leya, a Mfumu Mukuni, anakhala pafupi ndi mathithiwa kuyambira kale, Livingstone asanabwere.

Kumunsi kwa mathithi kuli mlatho waukulu wa zitsulo. Ndiwo ulumikiza Zambia ndi Zimbabwe. Anatsiriza kuumanga mu 1905. Zitsulo zake zinacokera ku England zidutswa-zidutswa, ndipo anazilumikiza pomwepo. Mlathowu uli pamwamba kwambiri, mamita 128 kucokera pa madzi. Ndikayang'ana pansi, miyendo inali kunjenjemera!

Mnyamata wina anati, "Aphunzitsi, amene ananyamula zitsulo izi sanali kuopa?"

Ndinayankha kuti, "Mwina anali kuopa, koma anagwira nchito mpaka inatha. Ambiri mwa anchitowo anali anthu akuda ngati ife."

"Naonso maina ao palibe?" anafunsanso.

"Pano sitikuwaona," ndinatero. "Koma mlatho wao ulipo. Pamenepa taimirira ndi pa nchito ya manja ao."

Potsiriza tinabwerera mu tauni kukaona miziyamu ya masitima. Kumeneko kuli mitu ya masitima akale, yakuda ndi yaikulu kuposa basi. Masitima awa sanali kuyendera dizilo. Munthu anali kuponya malasha kapena nkhuni pa moto. Motowo unali kuwiritsa madzi, ndipo nthunzi yake ndiyo inali kuyendetsa mawilo. Ena mwa masitimawa anali kunyamula matabwa kucokera ku nkhalango za ku Mulobezi. Tangoganizani munthu wosonkheza moto uja! Anali kukhala pafupi ndi moto ulendo wonse, thukuta lili kamu-kamu.

Ulendowu unandiphunzitsa cinthu cimodzi. Mzinda sumangidwa ndi munthu mmodzi. Livingstone ili ndi dzina la munthu mmodzi, koma manja amene anaimanga ndi ambiri. Ena anapalasa mabwato. Ena ananyamula zitsulo. Ena anaphika nsima ya anchito. Susi ndi Chuma tiwadziwa cifukwa cakuti wina analemba maina ao. Anzao ambiri anaiwalika cifukwa palibe anawalemba.

Inunso kwanu kuli zinthu zakale. Mwina ndi mtondo wa ambuya, cithunzi cakale, kapena khasu la atate ao a atate anu. Musazitaye ai. Funsani akulu kuti, "Ici cinali ca ndani? Anali kugwira nchito yanji? Anacokera kuti?" Mukamva dzina, mulilembe m'buku lanu. Inu mudziwa kale kulemba. Dzina limene mwalemba lero, adzaliwerenga ana anu.

Mafunso

1. Kodi mzinda wa Livingstone uli pafupi ndi mtsinje uti?
2. Miziyamu ndi nyumba ya ciani?
3. Cifukwa ciani anthu anasamuka pa Old Drift?
4. Kodi dzina lakuti Mosi-oa-Tunya litanthauza ciani?
5. Susi ndi Chuma anacita ciani?

Zocita

Funsani munthu wamkulu kwanu za cinthu cimodzi cakale. Cijambuleni m'buku lanu. Pansi pake lembani dzina la mwini wake.