Wailesi imene imatchula dzina lako

Aphunzitsi anzanga, nanunso ana anga amene munachoka kale pano, munayamba mwadzifunsa chifukwa chake agogo amakalipa mukasintha siteshoni?

Kumbukirani kuti kuyambira 1964 mpaka m'ma 1990 panalibe chosankha. Wailesi inali MBC basi. Radio 2 inabwera mu 1997, Capital FM mu 1999, Zodiak mu 2005. Kusankhaku n'kwadzana.

Ine ndimaona kuti nyimbo si nkhani kwenikweni, zadzaza m'mafoni. Munthu amakakamira wailesi imene ingatchule dzina lake kapena la m'bale wake. Mauthenga achisoni akayamba pa MBC, m'nyumba munkangoti zii, chifukwa kalata inkafika maliro ataikidwa kale. Ngakhale amene ankadandaula kuti wailesiyo imangotamanda boma ankatchera khutu ndithu nthawi imeneyo.

A Zodiak anazindikira zimenezi. Atayamba kuwerenga maina a ophunzira amene akhoza MSCE, mudzi wonse unkazungulira kawailesi kamodzi kudikira kuti afike pa sukulu yathu. Dzina likamveka, nthungululu! Likapanda kumveka, mwana ankanamizira mabatire. Ife aphunzitsi tinkamvetsera ndi mantha athuathu, poti maina akachepa, m'mawa mwake pamsika anthu sankayang'ana mwana ayi, ankayang'ana ife.

Ndiye kholo limene linamva dzina la mwana wake pamenepo, lolembedwa bwino ndi kutchulidwa bwino, silinavutike posankha kokamvera zotsatira za chisankho cha 2009. Linatsegula pomwepo.