Mpeni wa Woweruza

Mawu a Chingerezi akuti decide anachokera ku Chilatini, decidere, kutanthauza kudula. Ifenso mfumu ikamva mbali zonse pabwalo timati yagamula mlandu, ndipo kugamula ndi kudulanso. Zikuoneka kuti anthu a kutali ndi a kuno anagwirizana pa chinthu chimodzi: mlandu ndi chingwe, woweruza ndiye mwini mpeni. Chimene chimandisowetsa tulo ndi chakuti m'makhoti athu mpeniwo uli m'chinenero chimene mwini khosi sachimva.

Taonani kuchuluka kwake kwa mipeniyo. Verdict ndi yankho lakuti munthu walakwa kapena ayi. Sentence ndi chilango chobwera pambuyo pake. Ruling imadula kankhani ka m'kati mlandu ukadali m'njira. Judgment ndi chigamulo chonse pamodzi ndi zifukwa zake. Munthu amene wapatsidwa acquittal wayera, sangazengedwenso pa mlandu womwewo. Koma amene mlandu wake wangochotsedwa umboni usanamveke akhoza kudzaitanidwanso, pakuti mlandu suola. Onse awiriwa akafika kumudzi amaphera nkhuku, nanena mawu amodzimodzi: andimasula.

Malume anga anaimapo pamaso pa majisitireti chifukwa cha mbuzi ya mnansi imene inagona m'khola mwawo. Womasulira atawafunsa ngati akuuvomera mlandu, iwo anati, "Ndikuvomera, bwana, mbuziyo inapezekadi kwanga." Kwathu munthu waulemu sayamba ndi kukana pamaso pa akuluakulu, amavomera chimene aliyense anaona, kenaka nafotokoza. Koma guilty savomera mbuzi yokha. Amavomeranso mtima wakuba. Mwayi wake majisitiretiyo anafunsitsa, namva kuti mbuziyo inalowa yokha potsata zinzake madzulo, nalemba kuti akukana. Akadakhala wothamangira nkhomaliro, malume akadalowa m'ndende chifukwa cha ulemu.

Angerezi eni ake anaumvapo ululu umenewu. Anormani atalanda England mu 1066, Chifalansa chinakhala chinenero cha akuluakulu, ndipo m'kupita kwa nthawi chinalowa m'makhoti. Ndicho chifukwa chake judge, jury, plea, bail ndi appeal onse ndi mawu obwereka. Mu 1362 nyumba yawo ya malamulo inalamula kuti milandu izikambidwa m'Chingerezi, podandaula kuti anthu sankamva zimene zinkanenedwa zowateteza kapena zowatsutsa. Ngakhale zinatero, Chilatini chinakakamira m'zolembedwa za makhoti mpaka lamulo lina la 1730 linachichotsa. Malamulo a Angereziwo anakhazikitsidwa kuno mu 1902, ndipo ife tinalandira mtolo wonse osaumasula. Belo ndi apilo tinawazolowera ngati mchere, koma remand ndi adjourn akadali alendo, ngakhale kuti ndiwo amagoneka anthu m'ndende miyezi mlandu usanazengedwe.

Wina anganene kuti izi ndi za mbuzi chabe. Akumbukire tsiku la 3 February 2020, pamene oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019. Ndinali ku sekondale, ndipo tinaunjikana pa wailesi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Pakati pa nkhani zonse panali liwu limodzi, majority. Mu 2000 khoti lalikulu la apilo linati liwuli likutanthauza amene waposa anzake. Mu 2020 oweruza anati likutanthauza mavoti opitirira theka. Dziko lonse linabwerera kukaponya voti pa 23 June, ndipo kuyambira pamenepo mtsogoleri amasankhidwa potsata tanthauzo lachiwirilo. Ngati liwu limodzi lingasinthe kasankhidwe ka mtsogoleri wa dziko, nanga munthu wamba wovala chigamba lingamuchite zotani?

Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limati woimbidwa mlandu azengedwe m'chinenero chimene amamva, apo ayi boma limupezere womasulira. Lonjezo ndi labwino, koma katundu yense timamusenzetsa womasulira uja, amene ayenera kupeza Chichewa cha reasonable doubt m'kamphindi kamene loya akumeza malovu. Mutu umodzi susenza denga.

Pano pa koleji a zamalamulo amaloweza milandu ya ku London, a zachinenero amasanthula miyambi ya agogo, ndipo timakumana pamzere wa nsima pokha. Bwanji tsiku lina madzulo tikhale pansi, titenge mawu khumi okha, tikangane mpaka aliyense apeze mnzake wa Chichewa, wa Chitumbuka ndi wa Chiyao? Tiyambire pa guilty, popeza ndi amene munthu amayankha yekha ndi pakamwa pake.