Humber Yakuda ya Pamsewu wa ku Limbe

Kuchoka ku Ndirande kupita ku Limbe ndi chitunda. M'basi sungadziwe, koma ukakhala pa njinga miyendo imakuuza. Ukangodutsa pa Chichiri msewu umayamba kukwera pang'onopang'ono, ndipo pofika pa Maselema malaya amakhala atamata kumsana. Madzulo zinkatembenuka: unkangokhala phee pachishalo, mphepo ikuwomba kumaso, ntchito yako ili kugwira mabuleki basi. Msewuwo nthawi imeneyo tinkautcha Kamuzu Highway. Ana a lero amaudziwa kuti Masauko Chipembere.

Ndinayamba ukalaliki ku Limbe mu 1972, kwacha itangobwera kumene chaka chapitacho. Akuluakulu ankawerengabe mapaundi, ndipo ukawauza mtengo ankayamba agawa pawiri mumtima asanayankhe. Ndalama ya basi ya UTM inkadya malipiro anga, choncho tinachita chipereganyu ndi anzanga a muofesi, ndipo mwezi wanga utakwana ndinapita kukatenga amalume kuti akandiperekeze kogula njinga.

Amalumewo anali atagwirapo ntchito kumigodi ku Joni kudzera ku Wenela. Anabwerako ndi sutikesi, wailesi ndi Raleigh yokhala ndi kamutu ka kakowa patsogolo, imene ankaipukuta Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Pa nkhani ya njinga m'banja mwathu munalibe wowatsutsa.

M'sitolo ya Mmwenye ina ku Limbe munali njinga imodzi yoimikidwa payokha pafupi ndi galasi: yofiira, matayala owonda, mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Ndinainyamula ndi dzanja limodzi. Amalume anangoiyang'ana, kenaka anandifunsa modekha.

"Mphwanga, thumba la ufa lochokera kwa amayi ako udzaliika pati?"

"Ndidzaona, amalume."

"Nanga mu Januwale, matope a ku Ndirande aja, malaya oyerawa ukafika nawo bwanji kwa abwana? Ilibe madigadi iyi."

Sanaiipitse njingayo ayi. Anati ndi yabwino kwa munthu wothamanga pa tala wopanda katundu. Atatero anakokera pakati pa sitolo Humber yakuda, nayamba kuiyeza pamaso pa mwini sitolo. Mayeso amenewo ndikuwaonabe mpaka lero. Anandiuza kuti ndiime mtanda uli pakati pa miyendo, mapazi onse pansi, kuti aone ngati patsala mpata. Anandikhazika pachishalo iwo atagwira mahandulo, nati ndiike chidendene pa pedulo ili pansi. Mwendo utawongoka bwino anagwedeza mutu. Ananyamula kutsogolo n'kuzungulitsa tayala, diso lili pa kampata ka pakati pa limu ndi labala ya buleki, kuona ngati limu ikuvina. Masipoko anawakhudza limodzilimodzi ndi chala, khutu lili pafupi, chifukwa sipoko yolekera imalira mosiyana ndi zinzake. Pomaliza anafunsa funso limene Mmwenye uja analiyankha akumwetulira: kotapini, mabolo a mu haba ndi chubu cha 28 zimapezeka kuti? Yankho linali lakuti paliponse, ngakhale m'kantini ya kumudzi.

Ndinagula yomweyo. Humber inali ndi zake zoidziwira. Foloko yakutsogolo inali ya timipope tiwiritiwiri mbali iliyonse, ndipo pa gudumu la mano lozungulitsa tcheni panali tianthu togwirana manja mozungulira. Kampaniyo inali itagulidwa kale ndi a Raleigh a ku Nottingham, koma pansi pa mtengo wa mango anthu ankakanganabe kuti yolimba ndi iti. Zokhala ndi magiya atatu a Sturmey-Archer obisika mu haba zinaliponso, koma ndalama yanga sinafikepo. Chitunda cha Maselema ndinkachikwera choimirira.

Inali yolemera, zimenezo sindingabise. Koma inanyamula ufa, makala, ndiponso mayi a ana angawa tisanakwatirane, atakhala cham'mbali pa kaliyala atakulunga bwino chitenje. Mwendo wa buluku wakumanja ndinkaupana ndi pegi yoyanikira zovala kuti tcheni isaudye. Usiku dayinamo inkalira pa tayala, nyale ikuwala ndikathamanga n'kuzilala ndikafika pachitunda, pomwe ndinkaifunitsitsa. Pambuyo pake kunadzabwera ma Phoenix a ku China ndi ma Hero a ku India, otsika mtengo, ndipo ndi mtundu womwewo wa njinga umene anyamata a kabaza akudyera lero.

Chaka chatha mdzukulu wanga wamkazi, amene amakhala ku Area 25 ku Lilongwe n'kumagwira ntchito ku City Centre, anandiimbira foni. Anatopa ndi mitengo ya minibasi yokwera nthawi iliyonse mafuta akasowa, ndipo ankafuna njinga ya mahandulo opindika yonga yofiira ija. Ndinaseka ndekha. M'masiku athu, kuyambira 1973 mpaka 1993, lamulo silinkalola mkazi kuvala buluku, ndipo njinga ya amayi inali yopanda mtanda. Lero mwana wamkazi akufunsa agogo ake za magiya.

Sindinamuletse. Lilongwe si ya mapiri ngati Blantyre, njira yake yambiri ndi ya tala, ndipo njinga za masiku ano zoyambira nazo zili ndi magiya 16, zopepuka moti angathe kukwera nayo masitepe. Ndinangomupatsira mafunso a amalume, osinthidwa pang'ono. Saizi iyambe: njinga yaikulu kapena yaing'ono imapweteka msana ndi mawondo, ngakhale itakongola chotani. Matayala asakhale owondetsetsa aja a mamilimita 23. A 28 kapena 32 amapirira maenje ndi mchenga wa m'mbali mwa msewu, kumene minibasi zimakukankhira. Ayang'ane ngati felemu ili ndi timabowo tomangirapo madigadi ndi kaliyala. Ngati ndi yakaunjika, aone bwino polumikizira mipope, chifukwa felemu yachitsulo ikang'aluka wowotcherera aliyense amailumikiza, pomwe ya aluminiyamu ambiri saitha. Ndipo asanapereke ndalama, apite kwa wokonza njinga wa kufupi ndi kwawo akafunse ngati machubu ndi matayala a 700 amapezeka, komanso ngati pampu yake imalowa pa valuvu yowonda ija. Helimeti ndi nyale yofiira yakumbuyo ndinawonjezera ndekha. Amalume sanaone magalimoto ochuluka chonchi.

"Agogo, zonsezi pa njinga imodzi?"

"Ee mama, ndalamayo ndi yako, koma miyendo ndi yakonso."

Anagula yakaunjika, yabuluu, ya matayala a 28, ndipo madigadi anamangitsa. Za kaliyala anakana, akuti imaipitsa njinga, chikwama cha kumsana chikumukwanira. Ndinamuuza kuti tidzakambirananso mu Okutobala, dzuwa la ku Lilongwe likadzafika pachimake.