Shiraz: Kumene Manda a Alakatuli Sasowa Alendo

Dzina la Shiraz si lachilendo kugombe la kummawa kwa Africa. Mbiri yakale ya Kilwa imati mafumu oyamba a kumeneko adachokera mumzindawu, womwe uli kummwera chakumadzulo kwa Iran. Koma eni ake amaunyadira pa chifukwa china: alakatuli ake.

Dzuwa likapendeka, anthu a ku Shiraz amakhamukira kumanda. Sikuti kwagwa zovuta ayi. Mabanja, ophunzira ngakhalenso achinyamata otomerana amapita kukacheza m'munda wa Musalla, momwe mudagona Hafez, mlakatuli amene adamwalira cha m'ma 1390. Manda ake ali pansi pa denga lozungulira, lokhala pa nsanamira zisanu ndi zitatu, lomwe lidamangidwa cha m'ma 1935 potsata pulani ya André Godard wa ku France. Mwala wa pamandapo ndi wakale kuposa apo. Adauika ndi wolamulira Karim Khan Zand mu 1773.

Mlendo akafika amakhudza mwalawo ndi nsonga za zala, nanong'ona pemphero, kenaka n'kutsegula Divan, buku la ndakatulo za Hafez, patsamba lililonse lomwe chala chagwera. Ndakatulo yopezeka pamenepo amaitenga ngati yankho la nkhawa yake, kaya ndi ya ukwati, ya ulendo kapena ya mayeso. Wosowa buku amalipira kangachepe pachipata, kambalame koweta n'kumutolera kapepala ndi mlomo. Mwambowu, wotchedwa fal-e Hafez, umachitikanso m'makomo pa Yalda, usiku wautali koposa wa mu Disembala, banja likudya makangaza ndi mavwende.

Chodabwitsa n'chakuti Hafez sadali wonyengerera akuluakulu. Dzina lakelo limatanthauza munthu amene adaloweza Korani yonse pamtima, komabe ndakatulo zake zadzaza ndi vinyo, chikondi ndi chitonzo kwa alaliki achiphamaso. Mubariz al-Din atalanda Shiraz mu 1353 n'kutseka malo omwera vinyo, Hafez adamunyoza m'mawu okuluwika. Vinyo adaletsedwanso m'dzikolo kuyambira 1979, koma palibe amene adakwanitsa kuchotsa mlakatuliyu pakamwa pa anthu. Akatswiri amatsutsanabe ngati vinyo wakeyo adali wa mphesa kapena fanizo la chikondi cha Mulungu. Mwina kukuluwika komweko n'kumene kwamutchinjiriza kwa olamulira a mibadwo yonseyi.

Chakummawa kwa mundawu, m'tsinde mwa phiri, kudagona Saadi, mkulu wake pa zolembalemba, yemwe adatsiriza buku la Gulistan mu 1258, chaka chomwe ankhondo a Chimongoli adaphwasula Baghdad. Nyumba ya pamanda ake, ya denga lobiriwira ngati thambo, idatsegulidwa mu 1952. Pafupi pake pali masitepe otsikira kudziwe la pansi pa nthaka, lomwe madzi ake amadzera m'ngalande zakalekale zochokera kuphiri. M'menemo munkasambira nsomba, ndipo ana ankazisuzumira makolo awo akulakatula ndakatulo pamwamba.