Citseko ca m'cipinda

Nkhondo itatha mu 1992, banja lina linabwerera kwawo ku Ulongwe kucokera ku Dedza. Nyumba anaipeza ikadalipo, koma mkati munali mwakuda ndi utsi. Zitseko zinali ndi tinta wakale wonyezimira, uja amati esmalte.

Bambo anagulitsa matumba awiri a mbatatesi, nagula citini cimodzi ca tinta woyera wa madzi. Tsiku lomwelo anapaka citseko ca m'cipinda. Cinakongola ndithu. Koma patapita sabata, mwana wamng'ono anakanda ndi cikhadabo, ndipo tinta anasendeka ngati khungu la njoka. Bambo anakhala pakhonde osayankhula. Ndalama zina zogulira citini analibe.

Madzulo kunafika acimwene awo a mayi, amene anali mmisiri wa matabwa. Iwo anasisita citseko ndi dzanja.

"Alamu, gwirani apa. Mukuona kuterera? Esmalte ndi tinta wa mafuta. Akauma amasalala ngati galasi, ndiye tinta watsopano amasowa pogwira."

M'mawa anayamba ncito. Anapala tinta yense wosendeka uja. Anatsuka citseko ndi madzi ofunda ndi sopo, makamaka pafupi ndi cogwirira, pamene manja amasiya mafuta. Atatsukuluza, anatenga lixa wosalala, namunyika m'madzi, nayamba kukhula pang'onopang'ono.

Bambo anafuna kukhula mpaka thabwa lioneke.

"Iyayi, alamu. Ingophani kunyezimirako basi."

Ana onse anawatulutsa panja, ngakhale anadandaula. Tinta wakale nthawi zambiri amakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake limawononga ubongo wa mwana. N'cifukwa cake lixa anali wonyowa, kuti fumbi lisauluke. Madzi akuda aja anakawataya kutali ndi citsime.

Anapukuta citseko ndi nsalu yonyowa, nacisiya kuti ciume. Tsiku laciwiri amalume anabwera ndi kacitini ka tinta woyambira, amene amagwira pa esmalte. Tinta woyera anabwera pambuyo, kawiri, mopyapyala.

Patapita masabata awiri, bambo anaitana mwana uja.

"Iwe, takanda apa."

Mwana anakanda, koma tinta sanacoke.

Tinta wotsala anakwanira zitseko ziwiri zokha. Ca kukhicini cinadikira mbatatesi za caka cotsatira.